Jekete la Tate Mangulenje

Ku ufumu wa Tinamvana munthu wakufa amagwira ntchito kuposa amoyo. Wakufayo ndi Tate Zuze Mangulenje, amene kalekale anathamangitsa mafumu a kutsidya kwa nyanja, n'kukhala pansi kulemba Malamulo Aakulu a dzikolo. Anamwalira agogo a agogo athu asanamere mano, koma mpaka lero sanapumepo. Msonkho ukakwera, akuti ndi maganizo a Tate. Mlatho ukakokoloka, nduna imafika ndi mawu a Tate okhudza milatho, chonsecho mwini wakeyo ankawoloka mitsinje ataberekedwa kumsana kwa kapolo.

Eya, kapolo. Tate ndiye analemba mawu amene mwana aliyense amaloweza kusukulu, akuti: "Anthu onse amabadwa ofanana, palibe wobadwa ndi goli pakhosi." Pamene ankalemba zimenezi, wina ankamuingitsira ntchentche, wina ankamugwirira botolo la inki, ndipo onse awiriwo anachita kuwagula ndi mchere. Nkhani imeneyi ku Tinamvana imakambidwa motsitsa mawu ngati matenda a m'banja.

Zipani kumeneko zilipo ziwiri, ndipo zonse zimalimbirana mtembo umodzi womwewo. Chipani cha Anatero chimati tizitsata zimene Tate ananena, liwu ndi liwu. Chipani cha Akanatero chimati tizitsata zimene akananena akanakhala moyo lero. Mwachitsanzo, Tate analemba kuti mwamuna aliyense ali ndi ufulu woyenda ndi ndodo. A Anatero anagamula kuti mfuti ndi ndodo ndithu, kungoti imakhosomola, choncho lero anthu amapita nazo ngakhale ku chinkhoswe. A Akanatero amati Tate akanaona mfuti za masiku ano akanakomoka. Amene anaomberedwa salankhulapo pa mkanganowu.

Tsono m'dzikomo munali mkulu wina dzina lake Yotamu Gwedeza, amene ntchito yake inali kukhala Tate. M'mawa uliwonse ankapita kunyumba yakale ya Tate, imene tsopano ndi malo okopa alendo, n'kuvala jekete lofiira la mabatani amkuwa ndi chipewa cha nthenga, n'kumalakatula mawu a Tate kwa ana asukulu. Ntchitoyi sanachite kuipempha. Mphuno ndi imene inamulembetsa. Inali yaitali, yopindikira kumanzere, yofanana ndendende ndi imene ili pa ndalama zachitsulo za dzikolo. Akapita kumsika wa Pepani, amayi ogulitsa tomato ankamuuza kuti asavutike ndi kupisa m'thumba, angosiya mutu wakewo pabenchi.

Unduna wa Mbiri unafufuza za mphunoyo ndipo unapeza kuti mayi ake a Yotamu ali oyembekezera ankayang'anitsitsa ndalama. Atafunsidwa za agogo ake, amene analinso ndi mphuno yomweyo, undunawo unati banja lonselo n'lokonda ndalama.

Zoona zake aliyense ankazidziwa. Pakati pa akapolo a Tate panali mtsikana dzina lake Mwandida, amene ankayala mphasa ya Tate, ndipo ana ake onse anabadwa ndi mphuno zopindikira kumanzere. Yotamu anali wa mbumba imeneyo. Kuseri kwa nyumba ya Tate kuli manda a mpanda wanjerwa. M'kati mwake mwagona Tate, mkazi wake wapaukwati, ndi galu wake Sakhuta. Mwandida anamuika kunja, pafupi ndi dzala limene alendo amatayako makoko a nthochi. Mayi ake a Yotamu pomwalira anamugwira dzanja n'kumuuza chinthu chimodzi chokha: "Agogo ako alowe m'kati." Kuyambira pamenepo Yotamu ankalambula manda a Mwandida asanavale jekete, ndipo ankapempha boma chaka ndi chaka, boma n'kumamuyankha kuti nkhaniyo ikuunikidwa. Chaka china anapeza anthu atakhoma zikhomo mozungulira mandawo. Unduna unkafuna kukumbapo chimbudzi cha alendo. Yotamu anazula zikhomozo, koma m'mawa mwake anapeza zabwerera, ndipo mtima unamuwawa mpaka kulephera kudya.

Nthawi yomweyo kunyumba yachifumu kunalinso wina wosadya. Ku Tinamvana mfumu imachita kusankhidwa, ndipo Gawo Lachitatu la Malamulo Aakulu limati: "Mfumu isakhale pampando kupyola madzinja khumi." Mfumu Pendapenda inali itadya madzinja ake onse n'kunyambita mbale, koma njala inali ikadalipo. Inaitanitsa nduna zake.

"Ine sindikukakamira," inatero mfumu. "Ndatopa kale ine. Koma ndikayang'ana anthu anga ndimamva chisoni. Ndikawasiya adzalira ndi ndani? Ndani adzawatsegulira mijigo? Ndipezereni njira yolemekezera Tate popanda kuchita zimene ananena."

Nduna zinayang'ana pansi. Kenako a Chekacheka, Nduna ya Chilungamo ndi Zina Zotero, munthu wa lilime loti likhoza kusenda chinangwa, anakhosomola.

"Zikomo Mfumu. Lamulo likuti mfumu isakhale. Za kuimirira silikunenapo kanthu."

Mfumu inayang'ana mpando wake, inayang'ana a Chekacheka, kenako inadzuka pang'onopang'ono. Nduna zonse zinaomba m'manja, ndipo wailesi ya boma inalengeza kuti Mfumu, chifukwa cholemekeza malamulo, yachoka pampando ndipo ipitiriza kulamula choimirira.

A Akanatero anathamangira ku Bwalo Lalikulu la Omasulira Maganizo a Akufa. Bwaloli lili ndi majaji amene amachoka pantchito tsiku la maliro awo, ndipo ena mwa iwo n'kovuta kudziwa ngati tsikulo linadutsa kale. Mlandu wonse unagona pa liwu limodzi. Polemba kuti "kukhala," kodi Tate ankanena za kulamula kapena za matako? Maloya anabweretsa mabuku odzaza ngolo, koma majaji anagawanika pakati. Panafunika mboni.

Ndi mmene a Chekacheka anafikira kuseri kwa nyumba ya Tate, n'kumupeza Yotamu ali ndi khasu pamanda a agogo ake.

"A Gwedeza, mwadzuka bwanji? Zikhomozi zikukusowetsani mtendere eti?"

"Bwana, pano pagona munthu."

"Ndikudziwa, ndikudziwa. Zolakwika za anyamata. Tamverani, mawa mubwere ku Bwalo mutavala jekete. Akakufunsani kuti kukhala n'kutani, munene kuti n'kuika matako pampando. Basi. Mukatero, mandawa adzakhala m'kati mwa mpanda. Ndalumbira ine."

Yotamu anakafotokozera mkazi wake, a Nachisale, amene ankakazinga mandasi kumsika wa Pepani. Iwo anamvetsera akupukuta manja m'chitenje.

"Abambo a Sigele, inu mumaona ngati Tate ankanena za matako?"

"Ayi."

"Nanga mukanama bwanji pamaso pa dziko lonse?"

"Dziko lonselo lanama za agogo anga chibadwire changa. Bodza limodzi langali ndiye likugwetsa thambo?"

"Ine sindikukanizani. Koma munthu amene wapeza khomo m'liwu limodzi la Tate, mukuganiza kuti m'mawu akewo sanasiyemo zenera?"

Yotamu anakatenga jekete n'kuyamba kupukuta mabatani ndi phulusa.

Tsiku la mlandu, loya wa Akanatero anadzuka n'kukuwa kuti uyu si Tate, ndi Gwedeza wa kumsika, aliyense akumudziwa. Jaji wamkulu, a Mgonamasana, anatsegula diso limodzi, anatulutsa ndalama m'thumba, anaiyang'ana, anayang'ananso mboni, n'kugamula motere: "Jeketeli ndi la Tate. Mphunoyi ndi ya Tate. Mawu alionse otuluka m'jekete limeneli Bwalo lino liwatenga kuti ndi mawu a Tate. Zilembedwe."

Zinalembedwa. Yotamu anafunsidwa funso lija, ndipo anayankha monga anamuuzira. Bwalo linagamula kuti Mfumu ikhoza kulamula mpaka kalekale bola isakhale. Koma jaji wina wa Akanatero, pofuna kuti asabwerere chimanjamanja, anaonjezera kachiganizo kakuti mpando ndi chinthu chilichonse cholandira matako. Anzake anavomera chifukwa nthawi ya chakudya inali itakwana.

Apa ndiye Tinamvana inaona zakuda ndi zoseketsa pamodzi. Mfumu inasiya galimoto yake yamtengo wapatali n'kuyamba kuyenda itaimirira kumbuyo kwa lole, itagwira zitsulo ngati mbuzi yopita kumsika. Inkadya choimirira. Zimbudzi zokhalira zonse za kunyumba yachifumu zinazulidwa, ndipo Bwalo linakumananso mwadzidzidzi kugamula kuti kunyonyomala si kukhala. A Akanatero analemba anyamata oyenda ndi makamera, kudikira tsiku limene maondo achifumu adzagonje. Miyendo ya mfumu inatupa mpaka nsapato ankachita kuzing'amba m'mbali.

Kumsika wa Pepani anthu sanachite zionetsero. Ankangolankhula.

"Akuti dzulo inagona itatsamira khoma."

"Zabwino zimenezo. Ikudziwako tsopano mmene timakhalira pamzere wa kuchipatala."

"Osati mmene timakhalira, amayi, mungamangidwe. Mmene timaimira."

Ogulitsa mipando anadandaula kuti malonda afa, chifukwa aliyense wofuna kukwezedwa pantchito m'boma ankagwira ntchito choimirira kuti aoneke wokhulupirika. Yotamu akamadutsa, anthu ankamupatsa moni wonyanyira ulemu. "Wawa Tate. Kodi kugona n'kutani? Tifuna tidziwiretu tisanalakwe."

Iye ankapirira zonsezo poyembekezera mpanda. Ndipo mpanda unabweradi. Anafika m'mawa wina n'kupeza chimbudzi chamangidwa pambali penipeni pa manda a Mwandida, ndipo mpanda wa udzu wazungulira zonse ziwiri, chimbudzi ndi manda. Pakhomo pake panali chikwangwani cholembedwa kuti ABAMBO.

Anathamangira ku ofesi ya a Chekacheka, thukuta lili kamukamu.

"Bwana, munalumbira!"

"Ndinati chiyani, a Gwedeza?"

"Munati mandawo adzakhala m'kati mwa mpanda."

"Ndiye ali kunja? Ine ndine wa Anatero, bambo. Ndimatsata zimene ndinanena, osati zimene ndikananena. Mpanda uti, sitinakambirane."

Yotamu analira tsiku limenelo, munthu wamkulu wa imvi, kulira kwa manyazi. Anali atagulitsa dziko, ndipo malipiro ake anali fungo. A Nachisale sananene kuti ndinakuuzani. Anangomuikira madzi osamba.

Kenako linafika Tsiku la Tate, chikondwerero chachikulu cha chaka, chimene chimachitikira pabwalo la kutsogolo kwa nyumba ija. Mwambo wake ngwakuti Tate akaima kuti alankhule, munthu aliyense amakhala pansi, pakuti wamkulu sayankhula ndi munthu woimirira. Unduna unaona vutolo msanga, ndipo unalamula kuti chaka chino Tate asalankhule, angokweza chipewa n'kubwerera. Koma mphekesera inali itazungulira kale msika wonse. Bwalo linagamula lokha kuti mawu a m'jekete ndi mawu a Tate. Tsono Tate atangoti, "Mwana iwe, khala pansi," mfumu idzatani? Ikakhala, ufumu watha. Ikakana, yanyoza Tate pamaso pa dziko.

Amayi a tomato anamukoka Yotamu pambali. "A Gwedeza, munatilakwira, koma mlandu uwu mukhoza kuukonza ndi mawu awiri. Khala pansi. Basi."

A Nachisale anamuuza zoona pomumangira mabatani. "Apolisi sakupatsani nthawi yolalikira. Mukamatsegula pakamwa mudziwe kuti mulankhula chinthu chimodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, abambo a Sigele. Musankhe nokha."

Bwalo la chikondwerero linadzaza. Bandi ya apolisi inaimba nyimbo ya fuko. Mfumu Pendapenda inaima pansanja, anyamata awiri amphamvu ataimirira pafupi ngati mizati. Yotamu anakwera, anakweza chipewa, koma m'malo mobwerera anagwira chimkuzamawu. Khamu lonse linakhala pansi nthawi imodzi, fumbi kobo! Nduna nazo zinapezeka zakhala zisanaganize. Inatsala mfumu yokha ili chiimire pa miyendo yotupa ija, maso ali pa jekete lofiira lija.

"Muuzeni!" wina ananong'oneza, ndipo kunong'onako kunayenda bwalo lonse. "Muuzeni akhale!"

Yotamu anayang'ana mfumu. Mawu awiri aja anali pamlomo penipeni. Koma kuchokera pansanjapo ankatha kuona kuseri kwa nyumba, kumene mlendo wina ankatuluka mu mpanda wa udzu uja akumanga lamba.

"Ine Zuze Mangulenje," anatero, "ndinali ndi mkazi wina. Dzina lake Mwandida. Ndinamugula ndi mchere, ndinabereka naye ana, ndipo ndinachita manyazi kuwatchula. Uyo wagona kuchimbudziyo nayenso ndi mkazi wanga. Mulowetseni m'kati agone pafupi nane."

Apolisi anamugwira asanapume kawiri. Koma a Chekacheka, amene mutu wawo unkathamanga kuposa miyendo ya apolisi, anakuwa kuti amusiye. Anakwawira kwa mfumu n'kuinong'oneza. Nkhani inali yosavuta. Akanena kuti amene walankhulayo ndi Gwedeza wamisala, ndiye kuti amene analankhula ku Bwalo uja analinso Gwedeza wamisala, ndipo chigamulo cha matako chagwa. Akafuna kuti mfumu ipitirire, ayenera kumeza Mwandida ndi mchere wake womwe.

Mfumu sinachedwe. Inalanda chimkuzamawu. "Anthu anga! Boma langa lakhala likufufuza nkhani imeneyi mwakachetechete kwa nthawi yaitali. Lero ndine wonyadira kulengeza kuti Mwandida ndi Mayi wa Fuko!"

Bandi inaimba. Anthu anadzuka, anasasa fumbi kumatako, n'kumapita kwawo osaomba m'manja.

Sabata isanathe chimbudzi chinagwetsedwa, njerwa zinabwera, mpanda unasunthidwa. Unduna wa Mbiri unalengeza kuti unkadziwa kale za mphuno ija. A Anatero anayamba kutchula mawu amene Mayi Mwandida ananena okhudza msonkho, a Akanatero n'kumayankha ndi amene akananena, ngakhale palibe ndi mmodzi yemwe amene anasunga liwu lake limodzi pamene anali moyo. Mfumu inapitiriza kulamula choimirira.

Kumsika wa Pepani nthabwala za mphuno zinatha. Yotamu akafika pabenchi, amayi a tomato ankamugulitsa osamuyang'ana kumaso. Mmodzi yekha ndiye analankhula, mopanda ukali. "Agogo anu alowa, tamva. Ife ana athu akadali panja, a Gwedeza." Mawu amenewo anamulasa kuposa kutukwana, chifukwa sakanawatsutsa. Koma atafunsidwa ndi mkazi wake ngati akanasankha mwina atapatsidwanso mpata, anaganiza nthawi yaitali n'kunena kuti ayi.

M'mawa wina analowa pachipata cha mpanda wanjerwa, koyamba osachita kupempha chilolezo. Anavula jekete n'kulipachika pakhoma, anakhala pansi pambali pa manda a agogo ake, anaomba m'manja katatu mwaulemu.

"Agogo, mwalowa. Amayi, ndachita zija munanena."

Anamva mtima wake ukupepuka, ndipo anaganiza kuti jeketelo alisiya pomwepo, akakazinge mandasi ndi mkazi wake masiku ake otsala. Ali m'maganizo amenewo anamva nsapato kumbuyo. Anali a Chekacheka, akumwetulira, jekete lili m'manja.

"A Gwedeza, mwaiwala chovala chanu. Lolemba Tate akufunika ku Bwalo. Miyendo ya Mfumu yafika poipa, madokotala akuti iyenera kukhala. Tsono tapeza kuti lamulo likuti madzinja khumi, ndipo dzinja lopanda mvula yokwanira si dzinja. Mukawerengetsa bwino, Mfumu yangodya atatu. Tate akatsimikize zimenezo."

"Bwana, ine ntchito ndasiya."

"Mukhoza kusiya, ndi ufulu wanu. Anthu onse amabadwa ofanana." A Chekacheka anagogoda njerwa za mpanda ndi chala, simenti yake isanaumitsitse. "Kungoti tsiku limene mudzanene kuti m'jeketemu munalibe Tate, ndiye kuti Tate sananenepo za mkazi wina aliyense. Ndipo mpanda umasuntha, a Gwedeza. Mwaona nokha."

Yotamu anayang'ana manda a Mwandida, anayang'ana malo amene panali chimbudzi paja, pamene dzenje lake linali lisanakwiriridwe bwino. Anadzuka, anatambasula manja, ndipo nduna inamuveka jekete yokha ngati mnyamata wantchito, n'kumumangira mabatani kuyambira pansi. Batani lomaliza, la pakhosi, linavuta kulowa.

"Likuthina, bwana."

"Muzolowera," anatero a Chekacheka. "Agogo anu anazolowera."